Tonse awiri tili bwinobwino, nanga mwana wathu wadwala bwanji? Masamu a "1 mwa 4" pa matenda a sickle cell

Mwina mukulidziwa banja lotere, kapenanso ndi lanu lomwe. Bambo ndi wathanzi, amapalasa kabaza tsiku lonse osadandaula. Mayi sanagonekedwepo m'chipatala kupatula nthawi yokachira. Mwana woyamba akukula bwinobwino. Koma wachiwiri atangokwanitsa miyezi 6, timanja ndi timapazi tayamba kutupa, akulira usiku wonse, maso achita chikasu. Kuchipatala akuti magazi achepa. Amuwonjezera magazi, apezako bwino, pakatha miyezi ingapo abwereranso. Tsiku lina dokotala akutchula dzina la vutolo, sickle cell, n'kuwonjezera kuti ndi matenda otengera kwa makolo.

Mawu akuti "kwa makolo" amenewa ndi amene amayatsa moto kunyumba. Akuchimuna amati kwawo kulibe zimenezi, wabwera nazo ndi mkaziyu. Akuchikazi amabweza mawu omwewo. Wina amanong'ona za ufiti, wina amayamba kukayikira ngati mwanayo alidi wa bamboyo. Ngakhale chilankhulo chathu chimakondera: tikamanena za chinthu chakumtundu timati mwana "anayamwira", ngati kuti zonse zimadzera kubere la mayi.

Pa sickle cell, palibe kholo limene lingapatsire mwana matendawa palokha. Pamafunika mbali ziwiri, ya bambo ndi ya mayi, ndipo onse awiri akhoza kukhala athanzi moyo wawo wonse osadziwa kuti anyamula kanthu. Momwe zimenezi zimachitikira zili ndi masamu ake. Ndi masamu osavuta, mukhoza kuwayesa ndi nyemba zinayi pakhonde, koma anthu ambiri amawamva molakwika, ndipo kulakwitsako kumawononga mabanja.

Chilichonse chimabwera pawiri

Thupi lanu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli malangizo a momwe thupi liyenera kupangidwira ndi kugwirira ntchito, olembedwa m'chinthu chotchedwa DNA. Kachigawo ka malangizowa kamene kamayang'anira ntchito imodzi kamatchedwa jini, ndipo akakhala ambiri timati majini. Tinene pomwe pano kuti majini awa si aja a mizimu amene anthu amakatulutsitsa kumapemphero. Mawuwa angofanana kamvekedwe. Awa ndi a m'thupi, aliyense ali nawo, ndipo amatha kuyezedwa mu labotale.

Majini amakhala m'timitolo 46 totchedwa makromozomu, ndipo timitoloti tili tiwiritiwiri, magulu 23. Pa gulu lililonse, kamtolo kamodzi munalandira kwa bambo anu, kenako kwa mayi anu. Choncho pa ntchito zambiri za m'thupi muli ndi makope awiri a malangizo. Koma inuyo mukamabereka simupereka onse awiri. Dzira la mayi limanyamula timitolo 23 tokha, mbewu ya bambo imanyamulanso 23, kamodzi kuchokera pa gulu lililonse. Zikakumana, mwana amakhala ndi 46. Funso loti pa makope anu awiri aja ndi liti limene lalowa m'dzira kapena m'mbewu imene yapanga mwanayo, limayankhidwa mwamwayi. Simusankha, ndipo palibe chakudya, mankhwala kapena kagonedwe kamene kangasinthe.

Wansembe amene ankawerenga nsawawa

Munthu woyamba kuona lamulo limeneli sanali dokotala. Anali wansembe wachikatolika, Gregor Mendel, amene ankakhala kunyumba ya ansembe mumzinda wa Brno, womwe lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 iye ankadzala nsawawa m'kadimba ka panyumbapo n'kumakwatitsa mitundu yosiyanasiyana ndi manja ake. Anatenga mtundu umene nthawi zonse umabereka njere zosalala n'kuukwatitsa ndi mtundu umene nthawi zonse umabereka njere zamakwinya. Anthu a nthawiyo akanayembekezera njere zapakatikati, zamakwinya pang'ono. Koma zonse zinatuluka zosalala. Makwinya aja anasowa ngati sanakhaleko.

Atadzala njere zosalalazo n'kuzisiya kuti ziberekane zokha, makwinya anatulukiranso. Chimene chinamusiyanitsa Mendel ndi alimi ena onse amene anaonapo zotere n'choti iye anakhala pansi n'kuwerenga njere imodziimodzi. Anapeza zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850. Mukagawa, mupeza kuti pa njere yamakwinya iliyonse panali zosalala pafupifupi zitatu. Atayesa mtundu wa njere anapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Zitatu kwa imodzi kachiwirinso.

Anazindikira kuti makwinya aja sanafe mu m'badwo wapakati uja, anangobisala. Chomera chilichonse chinali ndi makope awiri, la kusalala ndi la makwinya, ndipo la kusalala linkaphimba linzakelo. Makwinya ankaonekera pokhapokha njere ikalandira kope la makwinya kuchokera mbali zonse ziwiri. Analemba zimenezi mu 1866, koma palibe anazilabadira. Anamwalira mu 1884, ndipo akatswiri anadzazindikira kufunika kwa ntchito yake m'chaka cha 1900.

Ngati munalimapo chimanga cha haibulidi, mwaziona kale zimenezi m'munda mwanu. Chaka choyamba chimanga chimamera chofanana ngati asilikali pa perete. Mukasunga mbewu n'kubwereza chaka chinacho, munda umakhala wosakanikirana, china chachitali, china chachifupi, zokolola n'kutsika. Zimene zinabisala mu mbewu yogula ija zayamba kutulukira. N'chifukwa chake alangizi amaletsa kubwereza haibulidi.

A ndi S

Tibwerere kwa mwana uja. M'maselo ofiira a magazi muli chinthu chotchedwa hemogulobini, chimene chimanyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Jini limene limalangiza kapangidwe ka mbali ina ya hemogulobini lili pa kromozomu nambala 11. Mtundu wake wofala umatchedwa A. Pali mtundu wina umene unasintha malo amodzi okha m'malangizowo, ndipo umatchedwa S.

Popeza makope ndi awiri, munthu akhoza kukhala AA, AS kapena SS. Wa AA alibe S. Wa SS ndiye wodwala sickle cell. Mpweya ukachepa m'magazi ake, hemogulobini imaundana, ndipo maselo amene amayenera kukhala obulungira ndi ofewa amapindika ngati zenga lomwetera udzu, n'kuuma. Maselo opindikawa amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, ndipo ndi pamene pamachokera ululu woopsa wa m'mafupa, pachifuwa ndi m'mimba. Amafanso msanga. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene lopindika limangokhala masiku 10 mpaka 20. Thupi limalephera kupanga ena mwachangu chotero, magazi n'kumachepa nthawi zonse. Mwana amaoneka bwino m'miyezi yoyambirira chifukwa amabadwa ndi hemogulobini ina, ya ukhanda, imene simaundana. Ikayamba kutha, cha m'miyezi 5 kapena 6, zizindikiro zimayamba.

Wa AS ndiye amene tiyenera kumumvetsa bwino. Munthu ameneyu si wodwala, ndipo sadzasanduka SS akamakula. Thupi lake limapanga hemogulobini ya mitundu yonse iwiri, koma ya A imakwanira kuti maselo asamapindike pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Ochepa amakumana ndi vuto akagwira ntchito yolemetsa kwambiri padzuwa osamwa madzi, kapena amaona magazi m'mikodzo, koma ambiri amakalamba osamvapo kanthu. Ali ngati nsawawa yosalala ija: kunja simungaone chilichonse, koma S ali m'kati ndipo akhoza kupita kwa mwana.

Bambo wa kabaza uja ndi mkazi wake onse ndi AS. Mwina agogo awo analinso AS, ndipo S wakhala akuyenda mwakachetechete m'mitundu yonse iwiri kwa mibadwo yambiri. Amene akunena kuti "kwathu kulibe" sakunama mwadala. Zoona zake n'zoti kwawo S anali asanakumane ndi mnzake.

Tengani nyemba zinayi

Ikani mbale ziwiri patsogolo panu, ina ya bambo, ina ya mayi. Mu mbale iliyonse ikani nyemba yoyera imodzi ndi yofiira imodzi. Yoyera ndi A, yofiira ndi S. Tsinzinani, tolani nyemba imodzi mu mbale ya bambo ndi imodzi mu mbale ya mayi. Nyemba ziwiri zili m'manja mwanuzo ndiye mwana.

Pali njira zinayi zokha zimene zingachitike, ndipo zonse zili ndi mpata wofanana. Yoyera kwa bambo ndi yoyera kwa mayi, mwana ndi AA. Yoyera kwa bambo ndi yofiira kwa mayi, mwana ndi AS. Yofiira kwa bambo ndi yoyera kwa mayi, ndi AS-nso. Yofiira ndi yofiira, mwana ndi SS. Ndiye kuti pa njira zinayi, imodzi imapereka mwana wopanda S, ziwiri zimapereka mwana wathanzi wonyamula S, ndipo imodzi imapereka mwana wodwala. Amene anaphunzira Biology kusekondale akumbukira kabokosi ka zipinda zinayi kotchedwa Punnett square. Ndi masamu omwewa. Atatu athanzi kwa mmodzi wodwala, chimodzimodzi nsawawa za Mendel, kungoti mwa atatu athanziwo awiri anyamula S.

Tsopano chitani chinthu chofunika kwambiri pa zonsezi: bwezerani nyemba zija m'mbale musanatolenso za mwana wachiwiri. Thupi limatero. Bambo akapereka S kwa mwana woyamba, S sanamuthere. Amapanga mbewu mamiliyoni, theka la izo zili ndi A, theka zili ndi S, chaka chino ndi chaka chamawa chimodzimodzi. Mazira a mayi nawonso ali choncho. Mimba iliyonse imayamba ndi mbale zodzaza.

Pamene ambiri amalakwitsa

Makolo akauzidwa kuti "mwana mmodzi mwa anayi", ambiri amamva ngati ndi ndondomeko ya mzere. Amaganiza kuti popeza woyamba wadwala, atatu otsatirawo apulumuka. Ena amaganiza kuti popeza atatu oyamba ali bwino, wachinayi ndiye adzadwale, kapena kuti akalekeza pa atatu athawa. Zonsezi n'zolakwika. Mimba siikumbukira zimene zinachitika pa mimba yapita. Ngati nonse muli AS, mpata woti mwana akhale SS ndi 1 mwa 4 pa mimba yoyamba, 1 mwa 4 pa yachiwiri, ndipo ukadali 1 mwa 4 pa yachisanu ndi chiwiri, kaya ana apitawo anali otani.

Yesani nyemba zija maulendo 4 okha, mukhoza osapeza zofiira ziwiri ngakhale kamodzi, kapena mukhoza kuzipeza katatu. Yesani maulendo 100, mudzaona kuti zofiira ziwiri zikutuluka pafupifupi ka 25. Masamuwa amaoneka bwino pa chiwerengero chachikulu. Mendel anawaona chifukwa anawerenga njere masauzande. Banja la ana anayi kapena asanu n'laling'ono kwambiri kuti masamuwa aonekere ndendende.

Tiyerekeze kuti pali mabanja 256, m'banja lililonse bambo ndi mayi ndi AS, ndipo lililonse labereka ana anayi. Masamu akuti mabanja pafupifupi 81 sadzakhala ndi mwana wodwala ngakhale mmodzi. Mabanja 108 adzakhala ndi mwana mmodzi wodwala. Mabanja 54 adzakhala ndi awiri, mabanja 12 adzakhala ndi atatu, ndipo banja limodzi lidzaona ana onse anayi akudwala.

Taganizirani za mabanja 12 aja ndi limodzi lija. Pamudzi anthu adzati pali amene akuwalodza, chifukwa tsoka silingamenye khomo limodzi katatu. Koma majini awo ndi ofanana ndendende ndi a mabanja 81 aja amene ana awo onse ali bwino, amenenso mwina ndi omwe akuloza chala. Kusiyana kwawo ndi nyemba zimene dzanja linatola basi. Taganiziraninso za 81 aja. Iwo sadzadziwa n'komwe kuti ali ndi S, ndipo ana awo adzakula akukhulupirira kuti kwawo kulibe.

Kukhala mwamuna kapena mkazi kulibe gawo pano. Kromozomu 11 si imene imasankha zimenezo, choncho anyamata ndi atsikana ali pa chiopsezo chofanana.

Nanga mabanja ena?

Sinthani nyemba m'mbale, mupeza mayankho nokha. Ngati mmodzi ndi AA ndipo mnzake ndi AS, mbale imodzi ili ndi zoyera zokhazokha, choncho zofiira ziwiri sizingakumane. Mwana aliyense ali ndi mpata wa theka wokhala AA ndi theka wokhala AS. Ngati wodwala sickle cell akwatirana ndi wa AA, ana onse adzakhala AS, athanzi. Mfundo imeneyi achinyamata a SS ayenera kuimva, chifukwa ambiri amauzidwa kuti sangabereke mwana wathanzi, zomwe si zoona. Koma wa SS akakwatirana ndi wa AS, mimba iliyonse ili ndi mpata wa theka woti mwana adwale. Onse akakhala SS, ana onse ndi SS.

Pali chenjezo limodzi kwa abambo amene angathamangire kugwiritsa ntchito masamuwa ngati umboni wa chigololo. Zimachitika kuti mwana wapezeka ndi sickle cell koma bambo atayezedwa sanapezeke ndi S. Musafulumire kuitana ankhoswe. S si jini lokhalo losintha pa malo amenewa. Pali lina loyambitsa vuto lotchedwa beta thalassaemia, ndi lina lotchedwa C lomwe n'lofala kumadzulo kwa Africa. Mwana akalandira S kwa mayi ndi limodzi mwa amenewa kwa bambo, amadwalanso sickle cell, pamene kuyeza kwachidule kwa bamboyo sikuonetsa S. Komanso zoyeza zimatha kulakwika. Nkhani yotere imafuna dokotala ndi kuyeza kozama, osati bwalo.

Chifukwa chake S ndi wofala kuno

Mungafunse kuti jini lopweteka chonchi lakhalapo bwanji mpaka lero. Yankho ndi malungo. Mu 1954 katswiri wina, Anthony Allison, yemwe ankafufuza kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti anthu a AS amatetezeka ku malungo kuposa a AA. Kafukufuku wotsatira watsimikiza kuti ana a AS sadwala kawirikawiri malungo aakulu, akupha aja. M'madera a udzudzu, kwa zaka masauzande, ana a AS ankapulumuka ambiri n'kudzabereka, ndipo S anafalikira. N'chifukwa chake amapezeka kwambiri mu Africa, ku India, ku Middle East ndi mbali zina za nyanja ya Mediterranean. Izi sizikutanthauza kuti wa AS ataye neti. Malungo amamugwira ndithu. Ndipo kwa mwana wa SS malungo ndi oopsa koposa.

Pa dziko lonse, ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa muno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kuno ku Malawi, magazi a ana aang'ono amene anayezedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti pafupifupi ana 9 mwa 100 alionse ndi AS. M'kalasi ya ana 100, ngati mmene zilili m'sukulu zambiri za pulaimale, ndiye kuti ana ngati 9 anyamula S. Tikawerengera mwachidule kuchokera pamenepo, pa mabanja 1,000 alionse, pafupifupi 8 ndi a AS onse awiri, ndipo tikatenga gawo limodzi mwa magawo anayi, ana pafupifupi 2 mwa 1,000 obadwa angakhale SS. Chikuoneka chiwerengero chochepa, koma m'dziko limene mumabadwa ana masauzande mazanamazana pa chaka, amenewa ndi ana oposa 1,000 chaka chilichonse.

Mpata umakwera pamene okwatiranawo ndi apachibale. Ukwati wa pachisuweni ndi wololedwa m'miyambo yathu ina, koma asuweni ali ndi agogo amodzi, ndipo ngati agogowo anali ndi S, n'kosavuta kuti zidzukulu zonse ziwiri zikhale naye.

Masamu omwewa pa chialubino

Chialubino chimayenda njira yomweyi. Jini lake ndi lina, lokhudza kapangidwe ka melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Bambo wakuda ndi mayi wakuda, onse onyamula kope lobisala, ali ndi mpata wa 1 mwa 4 pa mimba iliyonse wobereka mwana wachialubino. Mayiyo sanagone ndi mzungu, sanaseke munthu wachialubino ali woyembekezera, sanalakwire mizimu. Theka la zimene zachitikazo lachokera kwa bambo, yemwe nthawi zambiri ndi amene amathawa banja. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo kumbuyo kwa chiwerengerochi kuli anthu akhungu lakuda ochuluka kwambiri amene anyamula jinilo osadziwa. Munthu wachialubino akakwatirana ndi munthu amene sananyamule jinilo, ana awo amabadwa akuda.

Si zonse zotengera zimene zimabisala. Zina zimaonekera ngakhale kope litakhala limodzi lokha. Kachala kowonjezera kamene ana ena amabadwa nako pambali pa kachala kakang'ono nthawi zambiri kamayenda chonchi, ndipo kholo limodzi likhoza kupatsira pafupifupi theka la ana ake, ngakhale kuti nthawi zina kamalumpha munthu. Matenda a kusaundana kwa magazi otchedwa haemophilia ali ndi njira yawoyawo, amagwira kwambiri anyamata. Ndipo zinthu zambiri zimene timakonda kufanizira ana ndi makolo, monga msinkhu, kuderapo kwa khungu, shuga ndi BP, zimayendetsedwa ndi majini ambirimbiri pamodzi ndi zakudya ndi kakhalidwe. Pa zimenezo musagwiritse nyemba zinayi, masamu ake sakwana m'mbale ziwiri.

Kuyezetsa: funsani funso loyenera

Simungadziwe kuti ndinu AA kapena AS poyang'ana nkhope, thanzi kapena mbiri ya kwanu. Njira ndi kuyezetsa magazi basi, ndipo mumayezetsa kamodzi pa moyo wonse chifukwa zotsatira sizisintha. Koma pali misampha iwiri.

Woyamba ndi kusokoneza zimenezi ndi gulu la magazi. Amene anaperekapo magazi amadziwa kuti ali m'gulu A, B, AB kapena O. Zimenezo n'zosiyana kotheratu. Munthu wa gulu A akhoza kukhala AS, ndipo wa gulu O akhoza kukhala SS. Zilembo zangofanana.

Wachiwiri ndi mtundu wa kuyeza. Pali kuyeza kwachidule kotchedwa sickling test, komwe kumangoonetsa kuti m'magazi muli S. Kumatuluka "positive" kwa wa AS ndi wa SS yemwe, osasiyanitsa. Munthu wathanzi akhoza kuchoka kuchipatala akulira kuti ali ndi matenda, pamene wangonyamula. Kuyeza kumene kumasiyanitsa kumatchedwa haemoglobin electrophoresis, ndipo masiku ano kulinso tizipangizo toyezera mwachangu ndi kadontho ka magazi a pachala timene timasiyanitsa A, S ndi C. Ndiye mukalandira zotsatira, funsani mwachindunji kuti, "Kodi ndine AA, AS kapena SS?" Ngati mwawonjezeredwa magazi m'miyezi itatu yapitayi, nenani, chifukwa magazi a munthu wina amasokoneza zotsatira. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi makiliniki a ana a sickle cell, ndipo kuchipatala cha boma lanu akhoza kukuuzani komwe mungayezetse.

Nanga mukapezeka kuti inu ndi bwenzi lanu nonse ndinu AS? Ku Nigeria, komwe matendawa ndi ofala kwambiri, mipingo ina imafuna kuona zotsatira isanadalitse ukwati. Ine sindikuona kuti ndi ntchito ya abusa, ankhoswe kapena dokotala kukulamulani. Ena amasiyana, ena amapitiriza akudziwa chimene angakumane nacho, ena amasankha kubereka ana ochepa. Chimene sindingavomereze n'choti musankhe mutamva masamu olakwika. 1 mwa 4 sakutanthauza kuti ana anu onse adzadwala. Sakutanthauzanso kuti mukabereka awiri okha mwazemba. Pa ana awiri, mpata woti onse akhale opanda matendawa ndi 9 mwa 16, kungopitirira theka pang'ono. Khalani pansi ndi nambala imeneyo musanapereke malonje kwa akuluakulu.

Ngati mwana wabadwa kale

Kudziwa kuti nonse ndinu AS kumathandiza ngakhale ukwati utamangidwa kale, chifukwa mwana aliyense wobadwa mukhoza kumuyezetsa asanayambe kudwala. Ana ambiri a SS amene amamwalira asanakwanitse zaka zisanu saphedwa ndi ululu uja, koma ndi matenda ena monga chibayo, malungo ndi tizilombo tolowa m'magazi, chifukwa kapamba wawo amawonongeka msanga ndipo sateteza thupi mokwanira. Zambiri mwa imfa zimenezi n'zopeweka. Mwana wodziwika msanga amapatsidwa penisilini tsiku lililonse mpaka atakwanitsa zaka zisanu, amalandira katemera yense, amagona mu neti, amamwa madzi ambiri, ndipo amafunditsidwa bwino nyengo ya June ndi July chifukwa kuzizira kumadzutsa ululu. Thupi likatentha, musayambe mwadikira kuti muone mawa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo munene pakhomo pomwe kuti ali ndi sickle cell. Chitaninso chimodzimodzi akayera m'manja ndi m'maso mwadzidzidzi, mimba ikatupa kumanzere, akamabanika, kapena mkono, mwendo kapena pakamwa pakafooka mbali imodzi, chifukwa ana amenewa amatha kugwidwa sitiroko.

Pali mankhwala otchedwa hydroxyurea amene amachititsa thupi kupanganso hemogulobini ya ukhanda ija. Kafukufuku amene anachitika pa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda anasonyeza kuti amachepetsa ululu, kufunika kowonjezera magazi ngakhalenso imfa. Funsani dokotala ngati mwana wanu angayambe kumwa. Kuchiritsiratu kumatheka posintha mafuta a m'mafupa, ndipo kumapeto kwa 2023 maiko a Britain ndi America anavomereza chithandizo chokonza majini chotchedwa Casgevy, koma mtengo wake ku America ndi woposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Aliyense amene akukugulitsani mankhwala a zitsamba kapena a m'botolo akuti amasintha SS kukhala AA akukuberani ndalama.

Musaiwale abale ake a mwana wodwalayo, aja athanzi aja. Bwererani ku nyemba: pa njira zinayi zija, chotsani ya SS popeza tikudziwa kuti iwo sakudwala. Zatsala zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi AS. Ndiye kuti mchimwene kapena mchemwali wathanzi wa mwana wa sickle cell ali ndi mpata wa 2 mwa 3 wokhala wonyamula S. Azakhali, amalume ndi abambo aang'ono a mwanayo, a mbali zonse ziwiri, aliyense ali ndi mpata wosachepera theka. Tsiku limene mukupita ndi wodwalayo kukiliniki, funsani ngati anzakewo angayezedwenso, ndipo zotsatira zake zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala kuti adzazipeze akadzakula.